Mapaipi Asanu Pansi pa Mjigo wa kwa Mulipa

Scholastica Muhiwa anabadwira kwa Nsamala m'boma la Balaka, m'banja la Chikatolika lomwe makolo ake anachoka ku Mozambique kalekale kudzafuna malo olima. Anali wachinayi mwa ana asanu ndi awiri, ndipo pa onsewo ndiye ankatchedwa wouma mutu. Sukulu anailekezera Sitandade 5 atabwereza kawiri. Zilembo zinkamuthawa, ndipo aphunzitsi akangomuloza, zonse zimene ankadziwa zinkauluka n'kumusiya ali chilili. Mphunzitsi wina ananena pamaso pa kalasi yonse kuti mutu wa mwana ameneyu ndi wosenzera ndowa basi. Anzake anaseka. Iye sanalire, koma mawuwo anawakhulupirira kwa zaka pafupifupi makumi awiri.

Anakwatiwa ndi Esau, wokonza njinga wa kwa Kawinga ku Machinga, n'kupita naye chitengwa. Esau anali ndi kamsasa pamsika waung'ono wa m'mbali mwa msewu wopita ku Nayuchi, pomwe ankamata machubu ndi kuwongola malimu a njinga za anthu okaoda nsomba ku Chiuta. Scholastica ankalima, nthawi zina n'kukakhala pamsasapo kumapatsira mwamuna wake masipanala. Mwana wawo woyamba anali Tasha, motero dera lonse linkamudziwa kuti amake Tasha.

Chaka cha 2010 bungwe lina linkafuna anthu oti liwaphunzitse kukonza mijigo, ndipo linanenetsa kuti pa osankhidwawo pakhale amayi. Amayi ena anakana, ndiye anthu anangoloza amake Tasha poti kwawo kunali kale masipanala. Anapita ku Balaka kukaphunzira. Tsiku loyamba anapatsidwa buku lodzaza ndi mawu, ndipo pofika masana anali atamanga kale kachikwama kake kuti azibwerera. Pachipata anakumana ndi a Wadson, bambo achikulire a ku Utale amene ankaphunzitsa gululo, omwe anayamba kukonza mijigo iye asanabadwe. Anamufunsa kumene ankapita, iye n'kuulula kuti satha kuwerenga bwino ndipo mutu wake sugwira zinthu.

"Nanga owerengawo analowapo m'mjigo?" anafunsa a Wadson. "Dzenje lake ndi lopapatiza ngati mbale ya ndiwo, kutalika mamita makumi anayi. Palibe analowamo n'kukaona. Tonse timaona ndi mutu, amayi. Ndipo mutu ukamaugwiritsa ntchito umakhwima ngati dzanja la khasu. Bwererani mukakhale pansi."

Mmawa mwake a Wadson anathira zitsulo ndi mphira za mjigo m'thumba la feteleza, n'kuuza aliyense kuti apise manja osasuzumira, atchule chimene wagwira, achilumikize ndi chinzake. Odziwa kuwerenga anavutika. Scholastica anavutikanso, koma anazindikira kuti akatsinzina, chinthu chimene zala zake zagwira chinkaoneka m'mutu mwake kwa kanthawi chisanazimirire. Kanthawi kameneko ndi kamene anakagwira n'kuyamba kukatalikitsa.

Atabwerera kwawo anadzipatsa ntchito imene sanauze munthu, ngakhale Esau. Mmawa uliwonse popita kumunda ankamasula mjigo m'mutu mwake, kuyambira bawuti ya pachivundikiro, kutsika ndi marodi, zitsulo zazitali zija zopopera madzi, mpaka kukafika ku silinda, chitsulo chokokera madzi chokhala pansi penipeni. Akaiwala chinthu chimodzi ankayambiranso. Mwezi woyamba ankasochera pa chinthu chachisanu. Pofika nthawi yokolola ankatha kumasula mjigo wonse n'kuubwezeretsa asanafike pamunda. Kenaka anayamba kumauwononga dala m'mutumo: akang'amba mphira iyi, mjigo ulira bwanji? Akaboola paipi yachitatu, madzi achedwa motani? Anawonjezanso masewera ena. Akatola chinthu chotayidwa pamsasa pa mwamuna wake, kaya sipoko yothyoka kaya chitini, sankachisiya asanachipezere ntchito zitatu zimene sichinapangidwire. Masiku ena mutu unkakana, iye n'kungofika kumunda ali wokwiya. Mawa lake ankayambanso.

Zitapita zaka khumi, ankasamalira mijigo yoposa makumi awiri. Kuya kwa uliwonse, chiwerengero cha mapaipi ake, ndi matenda ake, zonse ankazisunga m'mutu. Ankafika pamjigo, kupukusa kangapo khutu lili pafupi, n'kunena chimene chavuta asanagwire sipanala.

Mu Febuluwale 2023 kolera inali itafika kwa Kawinga. Pachipatala chaching'ono cha m'deralo anali atamanga matenti, ndipo alangizi a zaumoyo ankayenda khomo ndi khomo kuletsa anthu kumwa madzi a kudambo. Lolemba lina mmawa kunabwera a Walter, wapampando wa komiti ya mjigo wa kwa Mulipa, mudzi wa mabanja oposa makumi asanu ndi limodzi womwe unali ndi mjigo umodzi wokha. Anati madzi ayamba kutuluka pang'onopang'ono, ndipo amayi akupukusa mpaka mapewa kuwawa asanadzaze ndowa imodzi.

Scholastica anakwera njinga, mphindi makumi atatu m'matope. Anapeza ndowa zitandandalikidwa mpaka pamtengo wa mango. Anapukusa, n'kumva kuti madzi akukwera koma akuthawira penapake. Anatulutsa marodi onse khumi ndi awiri, anayang'ana mphira ndi valavu yoletsa madzi kubwerera pansi, zonse zinali bwino. Ndiye kuti paipi inali itang'ambika kunsi, ndipo panalibe kuchitira mwina koma kuzula mapaipi onse.

M'dzenje la mjigo mumakhala paipi yaikulu yotchinga dothi. M'kati mwake mumalendewera mapaipi aang'ono okwezera madzi, omatidwa ndi guluu, ndipo kunsi kwake kuli silinda. Ku silindako kumamangidwa chingwe chokwera mpaka pamwamba, choti chigwire ngati paipi itaduka. Scholastica atagwira chingwe cha kwa Mulipa, chinamusiyira ufa m'zala. Chinali chitafumbwa. Kunyumba anali ndi chingwe chatsopano chokhala ndi kachitsulo kopingasa, chimene akanachitsitsa m'kati mwa mapaipi kuti chikagwire silinda kunsi. Kukachitenga kunali ola lathunthu. Kumwamba kunali kutada, amayi ankamuyang'ana, ndipo a Walter ankangobwereza kuti anthu sanamwe madzi chidzukire. Scholastica anati akoka bwinobwino, palibe chichitike.

Amuna asanu ndi atatu anaima pamzere ndi mitengo ya mphanda kuti azilandira mapaipi akamatuluka. Inatuluka yoyamba, yachiwiri, mpaka yachisanu ndi chiwiri, mzere wonse utapindika m'mwamba ngati nsungwi. Kenaka kunamveka kuti thi, ndipo katundu yense anapepuka m'manja. Chingwe chinathamanga m'zala za Scholastica n'kumuwotcha, chinakungika kamodzi, n'kuduka. Patapita kamphindi, pansi pa nthaka panamveka kugunda kwakuya. Mapaipi asanu pamodzi ndi silinda anali atagwera pansi pa dzenje.

Amuna anatsitsa mphanda zawo mmodzimmodzi. Woyamba kuyankhula anali Maness, mayi wachitsikana amene ankasesa pamjigopo, yemwe mwamuna wake anali m'matenti a kolera tsiku lachitatu. Sanakuwe. Anangofunsa kuti ndiye ana ake awamwetsa chiyani.

A Walter anaimbira foni ku ofesi yoona za madzi. Anayankhidwa kuti chida chovuulira mapaipi chili kutali, misewu yaduka ndi mvula, ndipo mwina adikire milungu itatu. Kuika mapaipi atsopano pamwamba pa akugwawo sikukanatheka, chifukwa silinda inali imodzi yomweyo ili pansiyo. Mjigo wina wapafupi unali mtunda wa maola awiri, kuwoloka mtsinje wosefukira. Dambo linali kuseri kwa nyumba.

Scholastica anatenga waya, kumupinda ngati mbedza, kumumanga ku marodi n'kuyamba kuvuula. Anavuula mpaka mvula inagwa n'kukata, osakola kanthu. Akatsinzina kuti aone pansipo, ankangoona nkhope ya Maness. Kumbuyo kwake ankamva manong'onong'o akuti ntchito ya amuna anaipatsiranji munthu wamayi, ena akuti mjigo unali kutulutsa madzi ndithu iye asanaugwire. Dzuwa litapendeka anaona amayi atatu atasenza ndowa akulowera kudambo. Anawathamangira n'kuwachonderera kuti akawiritse madziwo, koma nkhuni zonse zinali zonyowa, ndipo iye ankadziwa.

Lachiwiri mmawa anafika ndi mbedza yaikulu imene Esau anamupindira. Atatsitsa marodi khumi anamva mbedzayo ikukhudza chinthu, ndipo mtima unamuuza kuti akankhe mwamphamvu. Anaima. Anazindikira kuti akungobaya mumdima ngati munthu wofuna mbewa kuuna wosaudziwa, ndipo akaphwanya mlomo wa paipiyo zidutswa zidzatseka dzenje mpaka kalekale. Anatulutsa marodi onse, kuwayala pa udzu, n'kuuza a Walter kuti abweranso. A Walter anamufunsa ngati akuthawa. Iye anati iyayi, n'kulowa m'munda wa chimanga wa pafupi.

Anakhala pamzere pakati pa chimanga, dzuwa lili paliwombo. Mutu unali utaima. Anayamba ndi bawuti ya pachivundikiro monga ankachitira popita kumunda, ndipo pa chinthu chachinayi anasochera, zimene zinali zisanamuchitikire kwa zaka. Anayambiranso. Kachitatu anafika pa marodi. Kachisanu anatsika mpaka ku silinda, ndipo anamva kuti mpweya wake wabwerera m'malo. Apo m'pamene anadzifunsa kuti kodi akudziwa chiyani, nanga sakudziwa chiyani. Ankadziwa kuya kwa dzenje ndi kutalika kwa mapaipi asanu. Sankadziwa kuti paipi yapamwambayo yaima chilili kapena yatsamira, ndiponso kuti mlomo wake waduka motani. Kalilole wowalitsira m'dzenje sakanathandiza, chifukwa mlomowo unali pansi pa madzi. Ankafunika chinthu choti chipite kukagwira mlomowo m'malo mwa zala zake, n'kubwera kudzamuuza.

Anatuluka m'chimanga n'kupempha mtanda wa sopo wochapira ndi chitini cha nsomba. Anthu anayang'anana. Maness ndiye analowa m'nyumba n'kubwera nazo. Scholastica anafewetsa sopoyo padzuwa, kumupanikizira m'chitini mpaka kudzaza, kuboola chitinicho n'kuchimanga chozondotsa kunsonga ya rodi. Anatsitsa pang'onopang'ono. Chitakhudza, anakanikiza kamodzi kokha ndi dzanja limodzi, n'kuuza amuna kuti akweze.

Pa sopopo panali chidindo chooneka bwino, chozungulira koma chotsamira mbali imodzi, kwinaku kuli mano osongoka ndi kamzere kolowera kunsi. Scholastica anachiyang'ana nthawi yaitali, akuchisisita ndi chala. Paipiyo inali itatsamira kukhoma la dzenje, n'chifukwa chake mbedza sinkapeza pogwira kunja. Mlomo unali wong'ambika. Chingwe chake chakunyumba chija sichikanathandizanso, popeza kunsi kwa silinda kunali kutazika m'matope ndipo kachitsulo kopingasa sikakanatulukira. Njira inali imodzi: kulowa m'kati mwa paipiyo n'kuigwira cham'kati.

Pobwerera kunyumba sanakwere njinga, anangoikankha. Ankadzifunsa kuti ndi zinthu ziti zimene zimalowa mosavuta koma zimakana kutuluka. Anaganiza za mono wa asodzi a ku Chiuta, za munga wa nsomba pakhosi, za chisoso pa chitenje, za ambulera yotseguka pakhomo lopapatiza. Mono anausiya, chifukwa umagwira chimene chalowa, pomwe iye ankafuna cholowacho ndicho chigwire. Ambulera inali pafupi, koma ndani akaitsegule pansi pa madzi? Pofika pamsika anali atachiona chidacho chonse, ndipo anachijambula ndi kamtengo padothi la pamsasa pa Esau.

Kunsonga kukhale mphuno yosongoka ya mtengo wa tsanya, yoti ikafufuze yokha mlomo wa paipi. Pamwamba pake timano tiwiri ta chitsulo, tozungulira pa bawuti imodzi, toloza m'mwamba. Malegeni a chubu azitikankhira kunja. Potsika timanoto tizipinda, pokweza tizitambasuka n'kuluma khoma la paipi. Esau anayang'ana chojambulacho n'kunena kuti malegeni sangapirire katundu wotere. Iye anamuyankha kuti malegeniwo sasenza kanthu, ntchito yawo n'kungotsegula, ndipo katundu akamalemera m'pamene manowo azilowa kwambiri. Kenaka Esau anakatenga chikwanje chakale n'kuyamba kuchidula ndi sowo.

Lachitatu lonse linathera pa kudula, kuboola ndi kunola ndi tupa. Anayesera chidacho pa chidutswa cha paipi yakale, Esau atachikoleka kudenga la msasa n'kulendewera ndi thupi lake lonse. Chinagwira. Masana omwewo kunabwera uthenga woti kwa Mulipa anthu awiri atengedwa pa njinga kupita kumatenti, mtsikana wa sukulu ndi agogo ena aamuna. Scholastica anamva, n'kupitiriza kunola.

Lachinayi mmawa mudzi wonse unali pamjigo. Anatsitsa chidacho rodi ndi rodi. Pa rodi yakhumi chinagunda mlomo n'kuima. Scholastica anapotoza pang'ono, kukweza, kutsitsanso, akumvetsera ndi zikhatho. Kachitatu mphuno ya tsanya inapeza njira, ndipo marodi anatsetsereka okha kutalika kwa mkono. Anakoka pang'ono n'kumva kulemera. Anauza amuna kuti akweze mosathamanga, ndipo asagwedeze.

Rodi yoyamba inatuluka, anaimasula. Yachiwiri inatuluka. Anthu anayamba kuyandikira. Yachitatu ili pakati, Scholastica anamva kunjenjemera kwachilendo m'chitsulocho, ngati chinthu chikung'ambika pang'onopang'ono. Asanatsegule pakamwa, katundu anapepuka, ndipo pansi panamvekanso kugunda kuja.

Mayi wina anayamba kulira. Mwamuna wina anataya rodi pansi n'kuchoka. Chidacho chitatuluka, pa timano pake panali tizidutswa ta paipi. A Walter anachiyang'ana, n'kumuitanira Scholastica pambali. Nkhope yawo inali yotopa, chifukwa agogo otengedwa dzulo aja anali amalume awo.

"Amake Tasha, basi pakwana," anatero. "Mukagwetsanso kachitatu silinda ija iphwanyika, ndiye ngakhale a boma akabwera sadzapeza chovuula. Anthu akuti ndikuletseni."

"Akunena zoona, ikhoza kuphwanyika," anayankha Scholastica. "Koma ndadziwa chimene chalakwika. Mano aluma pafupi ndi mlomo, pamene pali pong'ambika kale. Ndikuyenera kutsika kupitirira pamenepo."

"Kunsiko paipi ndi yoterera. Agwira chiyani?"

Scholastica anatsinzina. Anatsika m'kati mwa paipiyo monga ankachitira mmawa uliwonse, kudutsa pong'ambika, kutsika khoma losalala, mpaka pamene paipi imodzi imalowa m'kamwa mwa inzake. Anakumbukira kuti mjigo umenewu anaumata yekha zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, ndipo pomata, paipi sifika penipeni pa mapeto a kamwalo. Pamatsala kampata kozungulira, kosakwana chala cha mwana, ndipo pamalo pamenepo khoma ndi lochindikala kawiri.

"Pali kampata pa mfundo yoyamba, mamita atatu kuchokera pamlomo," anatero. "Mano akagwera mmenemo sangatererenso. Ndipatseni mpata umodzi. Ndikapanda kukamva kampatako sindikweza, nditulutsa chida changa n'kudikira a boma."

A Walter anafunsa kuti nanga akatulutsa bwanji chida chimene chimakana kutuluka. Scholastica anali ataliganizira kale funsolo ali chitsinzinire: amanga ulusi wa nayiloni ku timano tonse tiwiri, woti akaukoka kuchokera pamwamba tipinde. A Walter anayang'ana anthu, anayang'ana kudambo, n'kunena kuti ayese.

Kunola timano kuti tikhale topyapyala tokwana m'kampatako kunatenga ola. Anamanga ulusi, n'kuyambanso kutsitsa. Pa rodi yakhumi mphuno inapeza mlomo. Anawonjezera rodi ina. Tsopano anauza anthu onse kuti akhale chete, ndipo ngakhale ana anamvera. Anagwira rodi ndi manja onse awiri, n'kumatsitsa pang'onopang'ono, kutalika kwa chala, kuima, kutalika kwa chala, kuima. Timano tinkakwecha khoma, iye akumva m'zikhatho. Anadutsa pamene ankayembekezera, osamva kanthu. Thukuta linkatsikira m'maso. Anaganiza kuti mwina kugwa kuwiri kuja kwatseka kampatako. Anatsitsanso chikhatho chimodzi, kenaka china.

Chinamveka kuti kete, kamodzi, pang'ono kwambiri moti ena onse sanamve. Anakweza pang'ono, ndipo rodi inakana ngati yamera mizu. Anakoka ndi mphamvu zake zonse, osasuntha. Anagwedeza mutu kwa amuna aja.

Anakweza kwa ola limodzi ndi theka. Rodi iliyonse ikatuluka ankaipanikiza ndi sipanala pamlomo pa dzenje asanaimasule, ndipo Scholastica sanachotse dzanja pa chitsulo. Rodi yachitatu, pamene zinalakwikira mmawa, inatuluka bwinobwino. Pa yachisanu ndi chimodzi katundu anawonjezera kulemera chifukwa mapaipi anayamba kutuluka m'madzi, ndipo anaitana amuna ena awiri. Atamasula yakhumi, mlomo wong'ambika uja unasuzumira pamwamba, wakuda ndi matope. Scholastica anaukulunga ndi chingwe chatsopano katatu, n'kumangirira ku chitsulo cha mjigo. Atatero anakhala pansi m'matope momwemo.

Silinda inatuluka itabinyika mbali imodzi koma yamoyo. Lachisanu anadula pong'ambika, anamata mapaipi, anamanga chingwe chatsopano, ndipo alangizi a zaumoyo anathira mankhwala m'dzenje n'kulamula kuti anthu adikire tsiku limodzi. Loweruka masana madzi anatuluka odzaza mlomo wa mjigo. Maness anatunga woyamba. Mwamuna wake anali atatuluka m'matenti dzulo lake, wowonda koma akuyenda yekha.

Mtsikana wa sukulu uja anachira. Amalume a a Walter anamwalira Lamulungu. Palibe akudziwa ngati matendawo anawatengera kudambo m'masiku amene mjigo unali wakufa, kapena anali nawo kale. Scholastica anapita kumaliro, anakhala pakati pa amayi, ndipo palibe anamunena kanthu. Patapita sabata anapempha kuti komiti ikumane. Anaimirira n'kunena kuti tsiku lija anaona kuti chingwe chafumbwa, anali ndi china kunyumba, ndipo sanakachitenge chifukwa anaopa maso a anthu odikira. Esau anali atamulangiza kuti asaulule, popeza palibe akanadziwa.

A Walter anati iwonso anamufulumizitsa, ndipo nkhaniyo sangaisenzetse munthu mmodzi. Ena m'komitimo sanagwirizane nazo, ndipo mpaka lero kwa Mulipa kuli mabanja awiri amene salonjerana naye. Iye amawapatsabe moni akakumana nawo panjira.

Chida chija chinabwerekedwa ndi amisiri a mijigo a ku Balaka. Kwina chinavuula, kwina chinakanika chifukwa mapaipi ake anali a mtundu wina, ndipo anachibweza chitathyoka dzino limodzi. Scholastica anapanga china chosinthika kukula. Masiku ano amaphunzitsa amayi anayi a kwa Kawinga, ndipo salola aliyense wa iwo kugwira sipanala asananene pakamwa, mwa dongosolo, zonse zimene achite ndi zimene zingalakwike. Mmodzi anatopa nazo n'kusiya.

Chaka chatha pafupi ndi siteshoni ya Nayuchi anaika pampu yoyendera dzuwa, yopanda chopukusira, yopanda marodi. Scholastica anapalasa njinga maola awiri kukaiona. Mlonda anamuuza kuti bokosi la mawaya ndi loletsedwa kugwira, ndipo ikawonongeka amabwera anthu a ku Blantyre. Iye anati sagwira. Anapempha kuti amutsegulire chitseko chokha, anayang'ana mawayawo mmodzimmodzi kuchokera kumanzere, n'kufunsa dzina la chilichonse chimene mlondayo ankadziwa. Kenaka anakhala pamthunzi wa thanki mpaka masana, akumvetsera mmene kulira kwa pampuyo kunkasinthira mtambo ukaphimba dzuwa. Pobwerera anagula kope ndi pensulo pamsika, n'kuuza Esau kuti mawaya amenewa ndi ambiri, sangawasunge onse m'mutu, ena aziwajambula m'kopemo.